Ndinakhala kunja miyezi 8: kodi unzika wa ku America ndiupezabe?

Funso

Zikomo akatswiri. Ndinalandira green card, chilolezo chokhazikika ku America, mu Malichi 2021. Mu Sepitembala 2023 bambo anga anadwala kwambiri, ndiye ndinapita kwathu kukawadwazika. Ndinkaganiza kuti ndikakhala milungu yochepa chabe, koma matenda anakula mpaka anatisiya, ndipo ndinabwerera mu Meyi 2024, patatha miyezi 8. Ntchito ndinaisiya ndili komweko chifukwa tchuthi chinatha. Amuna anga ndi ana anatsala ku America m'nyumba yathu ya lendi, nawonso ali ndi green card. Pabwalo la ndege anandifunsa mafunso angapo n'kundilola kulowa. Zaka 5 zikwana mu Malichi 2026 ndipo ndikufuna kufunsira unzika. Anzanga akuti palibe vuto bola sindinakwanitse chaka. Komanso mayi atsala okha, ndikufuna ndikakhale nawo mwina chaka ndi theka. Ndiyambe chiti?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Munachita bwino kukhala nawo mpaka mapeto, ndipo zonse ndinene pansipa sizikutsutsa zimenezo.

Yambani ndi unzika, ulendo wautali ubwere pambuyo. Koma musalembe fomu mukuganiza kuti miyezi 8 ija idzadutsa osaonedwa. Idzaoneka, adzakufunsani, ndipo udindo wosonyeza kuti America inali idakali kwanu nthawi yonseyo udzakhala pa inu.

Anzanuwo akusakaniza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi green card yanu idakali yamoyo. Lachiwiri ndi lakuti kodi nthawi imene mwakhala nayo ikuwerengedwa yonse pa unzika. Malire a chaka chimodzi amene akunenawo amathandiza kwambiri pa funso loyamba: munthu amene wakhala kunja nthawi yosakwana chaka akhoza kukwera ndege n'kubwerera ndi green card yokha. Ofesala wa pabwalo la ndege ndi wa nthambi yoyang'anira malire a dziko, CBP, ndipo atakulolani kulowa anayankha funso loyamba lokhalo, la tsiku limenelo. Za unzika zimaweruzidwa ndi nthambi ina, USCIS, yoona za unzika ndi zilolezo za anthu ochokera kunja, potsatira gawo 316 la lamulo lotchedwa Immigration and Nationality Act, ndipo kumeneko miyeso ndi iwiri.

Muyeso woyamba ndi wosavuta, ndi masamu basi. Pa zaka 5 zothera tsiku limene mukupereka fomu yofunsira unzika, N-400, muyenera kukhala kuti munali m'dzikomo ndi thupi lanu kwa theka la nthawiyo, miyezi 30, kapena kuti masiku 913. Tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwera onse amawerengedwa ngati masiku amene munali ku America. Kwa amene ali pabanja ndi nzika ya America ndipo akukhala nayo, zaka zimakhala 3 ndipo miyezi ndi 18, koma poti amuna anu nawonso ali ndi green card, inu muli pa njira ya zaka 5. Masiku pafupifupi 240 amene munali kunja sakukuikani pangozi apa, pokhapokha ngati pali maulendo ena ambiri amene simunatchule.

Muyeso wachiwiri ndi umene umagwetsa anthu. Lamulo limautcha continuous residence, ndipo limafuna kuti kukhala kwanu ku America kusaduke pa zaka 5 zonsezo. Silikuletsa kuyenda. Likungoyang'ana kutalika kwa ulendo umodzi umodzi. Ulendo wosapitirira miyezi 6 nthawi zambiri sudula kanthu. Ulendo wopitirira miyezi 6, imene USCIS imaiwerenga ngati masiku 180, koma wosakwana chaka, umachititsa kuti boma liyambe ndi kuganiza kuti munadula, mpaka inuyo mutalitsimikizira kuti ayi. Ulendo wa chaka chathunthu kapena kupitirira umadula basi, ndipo kufotokoza kulikonse, kaya matenda kaya maliro, sikungalumikizenso.

Inu muli pakati. Ndi malo amene munthu angapambane, ndipo ambiri amapambana, koma amapambana ndi mapepala.

Malamulo a boma, pa ndime ya 8 CFR 316.5, amatchula zinthu zinayi zimene ofesala amayamba kuyang'ana. Kodi munthuyu anasunga ntchito yake ya ku America? Kodi banja lake lenileni linatsala m'dzikomo? Kodi nyumba yake inali yotsegukabe kwa iye, yoti akhoza kubwera tsiku lililonse n'kugonamo? Kodi anakayamba ntchito kunjako? Pa zinayizi inu mwaima bwino pa zitatu. Amuna anu ndi ana anatsala, nyumba munaisunga, ndipo simunanene kuti munakagwira ntchito kwanu. Chofooka ndi ntchito imene munaisiya. Musaibise, ndipo musachite nayo manyazi. Lamulo la tchuthi cha matenda a m'banja, FMLA, limapereka masabata 12 okha kwa amene limawakhudza, choncho ofesala aliyense amadziwa kuti wodwazika kholo kwa miyezi 8 tchuthi chimamuthera panjira. Chimene chingakuthandizeni ndi kalata kapena imelo yosonyeza kuti munapempha tchuthi poyamba, kuti munanyamuka mudakali wantchito, komanso kuti mutabwerera munayambanso kugwira ntchito ku America. Mndandanda wa zinayiwu si wotseka. Ofesala amaloledwa kuona umboni wina uliwonse wothandiza.

Pa nkhani ngati yanu, pepala limene ndimalikonda kuposa onse ndi tikiti ya ndege yoyamba ija. Ngati munagula yopita ndi kubwerera, yoti mubwere patatha milungu ingapo, ndiye kenaka munkasintha tsiku matenda akamakula, sindikizani maimelo onse a kampani ya ndege, woyamba mpaka womaliza, muwaike motsatana masiku. Pambali pake ikani makalata a kuchipatala osonyeza tsiku limene bambo anagonekedwa, ndi chikalata cha imfa. Munthu wowerenga mapepala amenewa mwadongosolo amaona yekha kuti simunasamuke, munangogwidwa ndi matenda. Wonjezani pangano la lendi lokhala ndi dzina lanu, mabilu a magetsi ndi foni, masitetimenti a kubanki osonyeza kuti akaunti yanu inkagwirabe ntchito, inshuwalansi ya galimoto, ndi makalata a kusukulu kwa ana. Pepala lililonse losakhala m'Chingerezi liyenera kumasuliridwa, ndipo womasulirayo asainire kuti wamasulira molondola.

Za msonkho ndizinene mwapadera chifukwa zimaononga milandu yabwino. Munthu wa green card amawerengedwa ngati wokhala ku America pa nkhani ya msonkho, ngakhale atakhala kunja. Ngati m'chaka cha 2023 kapena 2024 wina anakulemberani msonkho pa fomu ya 1040-NR, imene ndi ya anthu osakhala m'dzikomo, kapena simunalembe n'komwe poganiza kuti chaka chimenecho munali kunja, boma limatenga zimenezo ngati chizindikiro choti munasiya nokha kukhala ku America. Apa si unzika wokha umene umagwedezeka, ndi green card yomwe. Pemphani ku IRS, nthambi yotolera msonkho, mapepala osonyeza mmene munalembera msonkho zaka 5 zapitazi, muwawerenge musanalembe N-400. Ngati pali cholakwika, chikonzeni kaye mothandizidwa ndi wodziwa za msonkho komanso loya.

Tsono tiyerekeze kuti ofesala sanakhutire. Fomu imakanidwa, ndalama zolembetsera sizibwezedwa, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 ndalamazo ndi madola 710 polemba pa intaneti kapena 760 papepala. Muli ndi masiku 30 opempha kuti ofesala wina aonenso, pa fomu ya N-336. Zikakanika pamenepo ndiye mudikira, koma osati zaka 5 zatsopano ngati mmene ambiri amaopera. Zaka 5 zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lopereka fomu, choncho tsiku lililonse limene mukudikira, chidutswa cha ulendo wakale uja chimatuluka m'nthawi yowerengedwa. Munabwerera mu Meyi 2024. Mukalemba kumapeto kwa Novembala 2028 kapena mu Disembala, zaka 5 zanu zidzayambira chakumapeto kwa 2023, ndipo gawo la ulendo lotsala mkati lidzakhala losakwana miyezi 6. Ndiye chifukwa chake USCIS imanena za kudikira zaka 4 ndi miyezi 6 kuchokera tsiku lobwerera.

Kodi ndibwino kungodikira mpaka 2028 kuti musavutike ndi umboni? Kwa munthu amene anatseka nyumba, banja lonse n'kupita naye, ndiye n'kukagwirako ganyu kunjako, ndinganene kuti inde, adikire. Kwa inu ayi. Umboni wanu ndi wamphamvu, ndipo muli ndi mayi amene akukufunani. Lamulo limalola kupereka fomu masiku 90 zaka 5 zisanakwane, ndiye kuti kwa inu khomo limatseguka mu Disembala 2025. Werengani masiku 90 amenewa mosamala, chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene zaka 5 zikukwana poyambira pa tsiku lolembedwa pa khadi lanu pamene pali mawu akuti Resident Since, chifukwa fomu yofika msanga ndi tsiku limodzi lokha ikhoza kukanidwa. Onetsetsaninso kuti mwakhala miyezi 3 m'chigawo chimene mukulemberamo. Ndikadakonda kuti loya wa za imigireshoni aone mapepala anu kamodzi musanatumize, makamaka chifukwa N-400 imatsegula faelo yanu yonse, kuyambira mmene munapezera green card.

Ulendo wa chaka ndi theka uja ndi umene ukundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Mukaupanga musanalumbire, zaka zonse zimene mwasonkhanitsa kuyambira 2021 zigwa. Mukadzabwerera, lamulo limakulolani kulemba patatha zaka 4 ndi tsiku limodzi, koma pa tsiku limenelo m'zaka 5 zanu mumakhala mudakali chidutswa cha ulendo chopitirira miyezi 6, ndiye mumayambanso ntchito yotsimikizira ija. Kuti mulembe popanda chokayikitsa, ndi zaka 4 ndi miyezi 6. Wonjezani chaka ndi theka cha ulendowo, mupeza kuti unzika wasunthira kutsogolo ndi zaka pafupifupi 6.

Pali chikalata chotchedwa reentry permit, chimene chimapemphedwa pa fomu ya I-131. Chimagwira ntchito mpaka zaka 2, ndipo muyenera kuchipempha mudakali ku America, n'kudikira kuti akudindeni zala musananyamuke. Anthu ambiri amachitenga n'kupita mtima uli m'malo, poganiza kuti zonse zatetezedwa. Chimene chimateteza ndi kubwerera kwanu: chimasonyeza kuti simunafune kusamuka, ndipo mumalowa nacho ngakhale chaka chitadutsa. Pa unzika sichithandiza chilichonse. Wokhala kunja miyezi 18 ali ndi chikalatachi amadula nthawi yake chimodzimodzi ndi amene alibe. Wopita wopanda chikalatachi n'kupitirira chaka ndiye amakhala pamavuto enanso, chifukwa ayenera kukapempha viza ya SB-1 ku ofesi ya kazembe wa America, n'kusonyeza kuti anachedwa pa zifukwa zimene sakanatha kuzipewa. Ulendo umene munaukonza nokha kuti utalike ndi wovuta kuufotokoza motero.

Fomu imene imasungadi nthawi ya unzika ndi N-470, koma ndi ya anthu ochepa: otumidwa kunja ndi boma la America, ndi makampani a ku America ochita malonda ndi maiko ena, ndi mabungwe ena a kafukufuku kapena a maiko onse, komanso atumiki a zipembedzo. Imafunanso kuti munthu akhale atatha chaka chathunthu m'dzikomo osatulukako atalandira green card. Kusamalira kholo sikulowamo. Ndimaona kuti apa lamulo ndi louma mtima, chifukwa limazindikira ntchito ya kampani koma osazindikira ntchito ya mwana kwa mayi ake, komabe ndi mmene lilili ndipo tiyenera kukonza mapulani molitsatira.

Chenjezo lina: kupereka fomu si kumaliza. Kukhala kosaduka kuja kumafunikabe kuchokera tsiku lopereka fomu mpaka tsiku lolumbira. Mukhoza kupita kukaona mayi milungu ingapo fomu ili m'kati, palibe choletsa, bola wina kunyumba azitsegula makalata ndipo inu muziyang'ana akaunti yanu ya USCIS, kuti musaphonye tsiku lodinda zala, la mafunso, kapena lolumbira. Pa tsiku la mafunso ofesala adzakufunsani ngati mwayendaponso chiperekereni fomu, ndipo pa tsiku lolumbira funso lomwelo limabweranso. Mukalumbira n'kutenga pasipoti ya America, kuwerenga masiku kwatha. Nzika siitaya unzika chifukwa chokhala kunja nthawi yaitali, kaya zaka 2 kaya 20, ngakhale udindo wolemba msonkho umaitsatirabe. Musanalumbire, fufuzani ngati dziko limene munabadwira limalola unzika wa maiko awiri, komanso zimene limafuna kuti muchite kuti mukakhaleko nthawi yaitali ndi pasipoti yatsopano.

Nanga thanzi la mayi likapanda kulola kudikira? Pitani. Koma ulendo uliwonse usapitirire masiku 180, ndipo pakati pa maulendo muzikhaladi ku America, osati kungogona masiku atatu n'kukweranso ndege. Pali chizolowezi chimene anthu amaphunzitsana, chokhala kunja miyezi 5, kubwera sabata imodzi kudzadinditsa pasipoti, n'kubwereranso. Papepala palibe ulendo umene wapitirira miyezi 6, koma njirayi ili ngati kutunga madzi ndi dengu. Masiku 913 aja sakwana, ndipo ofesala wa USCIS amaloledwa kuyang'ana maulendo onse pamodzi n'kuona kuti munthuyu kwawo kwenikweni ndi kwina, ku America amangodzacheza. Akafika pa ganizo limenelo funso limasintha, kuchoka pa unzika kupita pa green card. Kugawana nthawi ndi abale ena kuti inu muzipita miyezi 3 kapena 4 pachaka kumakusungirani zonse ziwiri.

Ndipo ngati tsiku lina pabwalo la ndege adzakutengerani m'chipinda chapadera n'kukupatsani fomu ya I-407, dziwani kuti imeneyo ndi fomu yosiya green card mwa kufuna kwanu. Simukakamizidwa kusaina. Ofesala wa pabwalo la ndege sangakulandeni ufulu wokhala m'dzikomo payekha. Amene angagamule zimenezo ndi woweruza wa khoti la imigireshoni, ndipo muli ndi ufulu wokaonekera pamaso pake. Anthu amasaina chifukwa cha kutopa ndi mantha atayenda usiku wonse, ndipo kubweza siginecha imeneyo n'kovuta kwambiri.

Owerenga ena ali m'maiko ena, ndipo manambala a ku America asawatenge ngati awo. Ku Canada unzika umafuna masiku 1,095 m'zaka 5 zothera tsiku lofunsira, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2017, pamene kusunga chilolezo chokhazikika kumafuna masiku 730 m'zaka 5. Kumeneko ulendo umodzi wa miyezi 8 sudula kanthu, chachikulu ndi chiwerengero chonse. Ku United Kingdom munthu sayenera kupitirira masiku 450 ali kunja m'zaka 5, kapena masiku 90 m'miyezi 12 yomaliza, ndipo ayeneranso kukhala kuti anali m'dzikomo pa tsiku lenileni limene zaka 5 zowerengedwazo zikuyambira. Kakang'ono kameneka kamapunthwitsa anthu amene masiku awo onse ali bwino. Chilolezo chokhazikika cha kumeneko, Indefinite Leave to Remain, chimafa munthu akakhala kunja zaka 2 zotsatizana. Ku Australia amayang'ana zaka 4, ndipo kunja usakhale kopitirira miyezi 12 yonse pamodzi, kapena masiku 90 m'chaka chomaliza. Kulikonseko muona kuti muyeso wosunga chilolezo ndi wofewa kuposa muyeso wa unzika, ndipo chisokonezo cha anzanu chija chimachokera pamenepo.

Chimene mungayambe sabata ino ndi kulemba maulendo anu onse. Fomu ya N-400 imafuna ulendo uliwonse wa kunja wopitirira maola 24 pa zaka 5 zapitazi, ndi tsiku lonyamuka, tsiku lobwera, ndi maiko amene munafikako. Tengani mapasipoti onse, ndi yakale yomwe, muone zidindo tsamba ndi tsamba, n'kuyerekeza ndi maimelo a matikiti. Zidindo zina zimafufutika, ndipo masiku ano malire ambiri sadindanso, choncho pamene pali mpata wosadziwika mukhoza kupempha mbiri ya kulowa kwanu ku CBP kudzera mu pempho la FOIA, lamulo lolola munthu kupempha zolembedwa za boma. Limatenga nthawi, ndiye litumizeni msanga. Lembani masiku enieni a ulendo wa Sepitembala 2023 mpaka Meyi 2024 monga analili, osachepetsako ngakhale sabata imodzi kuti aoneke ochepa. Boma lili kale ndi mbiri ya ndege zimene munakwera, ndipo bodza lonenedwa polumbira ndi chifukwa chokanira unzika pachokha, chimene chingakutsatireni ngakhale mutapatsidwa kale unzikawo. Miyezi 8 yodwazika bambo ili ndi mapepala oifotokoza, ndipo malamulo ake onse mukhoza kuwawerenga nokha mu USCIS Policy Manual, Volume 12, Part D, musanakumane ndi loya.